Corolla yanga ikulephera chitunda cha Ku Chawe, ndiwonjezere bwanji mphamvu osasintha injini?

Bambo a Tadala, Matawale:
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi dandaulo, odziwa za injini mundithandize nzeru. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1997, ija ya AE110, injini yake 5A-FE, giya ya otomatiki. Makilomita afika 263,000. Ndakhala nayo zaka zisanu ndi ziwiri ndipo sinandigonekepo panjira, koma chaka chino yasiya kukoka. Loweruka lapitali kunabwera alamu anga a ku Lilongwe ndi akazi awo, ndiye tinati tikawaonetse damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba. Tinalimo anthu asanu, kuphatikiza mwana. Tisanafike n'komwe pakati pa phiri galimoto inayamba kubanika. Phazi ndaponda mpaka pansi, injini ikungolira, koma kuyenda kwake ngati ikukoka ngolo. Pa kona ina alamu anatsika n'kuyenda wapansi kuti ipepukidwe. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa msewu womwewu ndinkakwera bwinobwino zaka zapitazo.

Kusintha injini sindikufuna. Ndalama yake ndilibe, komanso nambala ya injini ili pa bulu buku, sindikufuna zoyendera maofesi. Chachikulu n'chakuti injiniyi sifuka utsi, oilo sidya kwenikweni, m'mawa imalira kamodzi. Ndichite chiyani kuti ikhale ndi mphamvu? Ena akuti ndidule ekizozi, ena akuti ndichotse catalyst (chija chotsuka utsi mu ekizozi), mnzanga wina akuti pali kachipangizo kongobaya.

Mnyamata wa Starlet, Chikanda:
Madala, yambani ndi kupuma kwa injini. Chotsani chibokosi cha eya kilina chija muike cone filter (sefa ya mpweya yopanda chibokosi), kenako ekizozi yowongoka ya paipi yaikulu, catalyst kunja. Ine ndinatero pa Starlet yanga ndipo imamveka kusiyana. Ndalama ikapezeka muike turbo, 5A anthu kunja amaiika turbo.

NaBanda wa Demio:
Imamveka kusiyana m'makutu kapena pa msewu, achimwene? Ndikufunsa chifukwa mlongo wanga anachita zomwezo, phokoso linachuluka mpaka aneba kudandaula, koma tikanyamuka limodzi pa Thondwe kupita ku Namadzi samandisiya.

Mnyamata wa Starlet, Chikanda:
Pa msewunso, achemwali. Ikadutsa 4,000 rpm imatseguka.

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Bambo a Tadala, ndawerenga bwino zomwe mwalemba, ndipo mawu amene andigwira ndi akuti msewu womwewu munkakwera bwinobwino kale. Ndiye kuti vuto si lakuti injini ndi yaing'ono. Vuto n'lakuti mphamvu yomwe inali nayo yatayika penapake. 5A-FE ndi ya 1,498 cc, ndipo pa AE110 inkatuluka ku fakitale ndi ma horsepower pafupifupi 100. Lero mwina mukuyendera 70 kapena kucheperapo. Cone filter ndi ekizozi, zikayenda bwino kwambiri, zingakupatseni atatu kapena asanu, ndiponso pa ma rev apamwamba amene inu pokwera phiri ndi banja simukhalapo nthawi yaitali. Koma otayikawo ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo kuwabweza n'kotsika mtengo.

Musanagule kanthu kalikonse, pimitsani kompuresheni, kutanthauza mmene masilinda akupanikizira mpweya. Ndi ntchito ya theka la ola. Injini itenthe, mapulagi onse anayi achotsedwe, throttle (chitseko cha mpweya wolowa mu injini) itsegulidwe yonse, kenako geji pa silinda iliyonse. Pa ma injini a Toyota a mtundu uwu yabwino imasonyeza cha m'ma 13 kg/cm², isatsike pa 10, ndipo masilinda asasiyane kuposa 1. Ina ikatsika, thirani kasupuni ka oilo m'bowo la pulagi mupimenso. Ikakwera ndiye kuti maringi atha. Ikapanda kusintha, kayang'aneni mavavu kapena gasiketi. Popanda manambala amenewa tonse pano tikungolota.

Ndikufunseninso zinthu zingapo. Fyuluta ya petulo munasintha liti? Lamba wa taimingi anasintha ndani, ndipo galimoto inayamba ulesi asanasinthe kapena atasintha? Singano ya temperecha imakhala pati mukamayenda? Matayala ndi a saizi yanji?

Bambo a Tadala, Matawale:
Zikomo a Mbewe. Fyuluta ya petulo, kunena zoona, chiyigulireni galimotoyi sindinasinthepo. Ndimangosintha oilo ndi fyuluta ya oilo. Lamba anasintha mnyamata wina chaka chatha, cha m'nyengo yozizira, ndipo ndikamakumbukira bwino ulesiwu unakula kuchokera pamenepo. Singano imakhala pansi, pafupi ndi C, imakwerako pang'ono ndikaima pa mzere wa mafuta. Matayala ndinasintha zaka ziwiri zapitazo. Inabwera ndi 175/70 R13, ndinaika marimu a 15 ndi matayala a 185/65 kuti ikwereko m'mwamba, chifukwa kumudzi kwathu kupitirira Jali inkakhula pansi.

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Mwayankha zinthu zinayi ndipo zonse zinayi zili ndi mlandu.

Che Mdala wa takisi, Songani:
Ine ndilowererepo pa nkhani ya kayendetsedwe, chifukwa ndadya nsima ndi ma Corolla amenewa zaka zambiri pa msewu wa Zomba ndi Liwonde. Bambo a Tadala, pokwera phiri giya inali pati? Ngati inali pa D basi, ndiye kuti galimoto mumailakwira. Pa chogwirira giya pali kabatani ka O/D. Mukakabaya, pa dashibodi pamayaka O/D OFF, ndipo giya yachinayi imatsekedwa. Poyamba chitunda bayani kameneko. Pofika pa makona aja okhotakhota kokerani pa 2, pothina zedi pa L. Musaope kuti injini ikulira. Injini yaing'ono imakoka ikamazungulira cha m'ma 3,500 mpaka 4,500, osati pa 2,000. Mukaisiya pa D imangosakasaka giya, yakwera, yatsika, yakwera, oilo wa giyabokosi n'kumatentha.

Ndipo potsika ndiye nkhani ya moyo. Osatsika Ku Chawe pa D mutakanikiza buleki njira yonse. Mabuleki amapsa, mumamva fungo, kenako phazi limangolowa. Ikani pa 2 kapena L injini ikugwirireni.

Bambo a Tadala, Matawale:
Inali pa D, che. O/D ndimaidziwa koma ndinkaganiza kuti ndi ya popitirira galimoto ina.

Che Mdala wa takisi, Songani:
Imathandizanso pamenepo. Koma ntchito yake yeniyeni ndi phiri ndi katundu.

Mphunzitsi wa sayansi, Domasi:
Pali chinthu china chimene sitingachikonze ndi sipanala, ndipo ndi bwino tichidziwe kuti tisamayembekezere zosatheka. Injini yopanda turbo imadalira mpweya umene yakoka yokha, ndipo mukamakwera m'mwamba mpweya umapepuka. Pa mamita 300 aliwonse injini yotere imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu yake. Tauni ya Zomba ili pa mamita opitirira 900 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndiye 100 uja amene a Mbewe atchula, tili pa msika pomwe watsala cha m'ma 90. Ku Chawe ndi cha m'ma mamita 1,500, kumeneko watsala cha m'ma 85. Imeneyo ndi injini yatsopano, yopanda vuto lililonse. Nchifukwa chake galimoto yomweyo mukatsikira nayo ku Liwonde kapena ku Mangochi, komwe kuli pansi, imakhala ngati yadzuka.

Onjezerani kulemera. Corolla imeneyi payokha ndi pafupifupi tani imodzi. Anthu akuluakulu anayi, mwana, ndi zakudya m'buti, ndi makilogalamu 300 kapena kuposa. Pa malo athyathyathya simungazimve kwenikweni, koma pa chitunda kilogalamu iliyonse injini imachita kuinyamula.

Za matayala ndawerengera. 175/70 R13 kutalika kwake ndi mamilimita 575. 185/65 R15 ndi pafupifupi 622. Kusiyana kwake ndi 8 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti giya iliyonse yatalika ndi 8 pa 100, ndipo mphamvu yokankha pansi yachepa ndi mlingo womwewo. Zili ngati kukwera chitunda pa njinga utaika tcheni pa giya yolemera. Sipidomita yanunso ikunama, ikamati 80 muli pa 86.

Bambo a Tadala, Matawale:
Aphunzitsi, izi sindinaziganizepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaona ngati tayala lalikulu ndiye liwiro.

NaBanda wa Demio:
Ine yandikhudza ndi ya singano yokhala pa C. Yanga inkachita chimodzimodzi nditangoigula, ndipo ndinkasangalala kuti galimoto yanga siitentha. Mafuta inkamwa ngati ya 2 litre. Nditapita nayo kokonzetsa anapeza kuti mwini wake woyamba anachotsa themositati, kachitsulo kotseka ndi kutsegula njira ya madzi opita ku radiyeta. Ataika ina singano inayamba kukhala pakati ndipo mafuta anayamba kukhalitsa. Bambo a Tadala, funsani amene anakhudzapo radiyeta yanu.

Che Mdala wa takisi, Songani:
Apa ndiye tisiyana, mayi. Themositati ndi ya ku Japan kozizira. Kuno mu Okutobala, pa Liwonde dzuwa likuswa mtengo, kachitsulo kaja kakakanirira kotseka injini imapsa pompo. Ine zanga zonse ndimachotsa ndipo palibe inandiphulitsirapo hedi.

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Che, ndimakulemekezani pa msewu, koma apa ndikana. Mantha anuwo ndi oona, themositati yakale imatha kukanirira. Mankhwala ake ndi kuika yatsopano yabwino, osati kusiya pabowo. Injini iyi si ya kabuleta, ili ndi kompyuta. Pali sensa imene imauza kompyuta kuti madzi atentha bwanji. Themositati imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo injini inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha motero. Mukaichotsa, makamaka kuno ku Zomba m'mawa wa mu Juni kapena usiku, madzi safika pamenepo, kompyuta imaganiza kuti injini ikadali yozizira n'kumathira petulo wambiri. Petulo wochulukayo sapsa yense. Amadetsa mapulagi, amatsuka oilo m'makoma a masilinda, otsalawo amakathera mu catalyst n'kuyamba kuitseka. Mwini wake amangoona kuti galimoto ikumwa koma sikukoka.

Inu zanu zimapulumuka chifukwa zimayenda tsiku lonse zitadzaza anthu, kotentha, ndiye zimafikabe pa kutentha kwake. Ya bambo a Tadala imachoka Matawale kupita m'tauni, makilomita ochepa, n'kuima. Imeneyo siitentha n'komwe.

Che Mdala wa takisi, Songani:
Ndamva. Pa zanga sindisintha, koma pa ya bambowa mwina mukunena zoona.

Wamagetsi a galimoto, Ndola:
Ndiwonjezere mbali yanga. Ma Corolla amenewa safuna makina odula kuti akuuzeni chomwe chikuwapweteka. Mukatsegula boneti pali kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. M'kati mwake muli timabowo tolembedwa mayina. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane nyali ya check engine. Ikamaphethira mofanana osapumira ndiye kuti palibe cholakwa chomwe yasunga. Ikaphethira kawiri, n'kupuma, n'kuphethira kamodzi, imeneyo ndi 21, sensa ya oxygen. 22 ndi sensa ya madzi ija a Mbewe akunena. 31 ndi sensa yoyeza mpweya wa m'manifodi. Koma onetsetsani kaye kuti nyaliyo imayaka mukatembenuza kiyi, chifukwa ogulitsa ena amachotsa babu kuti wogula asaone.

Kawaya komweko ndi kamene kamafunika poika taimingi. Injini itatentha, TE1 ndi E1 zitalumikizidwa, timing light (nyali yopimira nthawi imene moto umabwera) iyenera kusonyeza madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Anyamata ambiri akasintha lamba amangotembenuza distributor (chogawira moto ku mapulagi) pongomvera ndi khutu mpaka injini imveke bwino pa idling, osalumikiza kalikonse. Moto ukamabwera mochedwa, injini imalira bwinobwino itaima koma pa chitunda imakhala yofooka ndipo ekizozi imatentha kwambiri. Choipa kuposa apo ndi lamba kulumpha dzino limodzi poika. Galimoto imayendabe, koma ngati yadwala malungo. Poti mwati ulesi unakula atasintha lamba, ine ndikanayambira pamenepo.

Mapulagi, mawaya ake, kapu ya distributor ndi rotor muziyang'anenso. Usiku kukada tsegulani boneti injini ikulira, mukaona timoto tabuluu tikuthetheka pa mawaya ndiye kuti moto ukuthawira panjira. Pogula mapulagi chenjerani, abodza achuluka, bokosi lokongola koma m'kati zinyalala. Akatchipa modabwitsa asiyeni.

Mnyamata wa Starlet, Chikanda:
Zonsezi ndi service chabe akuluakulu. Funso linali lowonjezera mphamvu. Toyota yomweyo inapanga Starlet GT ya 1.3 yokhala ndi turbo, 4E-FTE, ma horsepower 135. Ndiye 1.5 ingalephere bwanji?

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Mphwanga, funso lako ndi labwino ndipo ndikuyankha mokwanira, chifukwa ndinali ndi mtima womwewo ndili msinkhu wako. 4E-FTE inabadwa ndi turbo. Mapisitoni ake ndi ena, kompuresheni anaitsitsa dala, ma injector ndi akulu, ili ndi intercooler yoziziritsa mpweya wa turbo, ndipo kompyuta yake imadziwa chochita mpweya ukamakankhidwa. 5A-FE ilibe chilichonse mwa zimenezi. Kuti uiike turbo pafunika manifodi yowotcherera, mapaipi a oilo opita ndi obwerera, intercooler, ma injector, pampu ya petulo yamphamvu, kompyuta ina yoti munthu aikonze manambala, ndi munthu wodziwa kuikonzayo. Ukaphonya pang'ono petulo n'kuchepa, pisitoni imabooka pa chitunda choyamba. Tsono ganiza maringi a makilomita 263,000, ndi giyabokosi ya otomatiki ya zaka zomwezo. Ndalama yake ipitirira ya injini ina, imene bambowa akana kale.

Cone filter vuto lake ndi malo. Chibokosi cha fakitale chimakoka mpweya wozizira kutsogolo. Cone ukaisiya pambali pa injini imakoka mpweya wotentha wa mu boneti, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye wabweza m'mbuyo zomwe umafuna. Chachiwiri ndi fumbi. Bambowa amapita kupitirira Jali. Ma cone otchipa aja fumbi losalala limadutsa, ndipo fumbi m'silinda ndi sandipepa.

Paipi yaikulu kwambiri pa injini ya 1.5 imachedwetsa utsi pa ma rev apansi, ndiye ponyamuka ndi pokwera galimoto imafooka, phindu lake limadzaoneka pamwamba pokha. Iwe ukumva kutseguka pa 4,000 chifukwa pansi pafooka. Tayesa kupima ndi wotchi pa chitunda chimodzi, udzatiuze.

Mnyamata wa Starlet, Chikanda:
Ndipima ankolo. Koma catalyst yokha ndiye ndikukanabe, imatseka njira.

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Yotsekeka imatsekadi, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za bambo a Tadala: pa idling bwinobwino, ukaponda imabanika, ikatentha zimanyanya. Koma yamoyo siidya mphamvu yoti n'kuimva. Kuyesa kwake n'kosavuta. Masulani sensa ya oxygen kapena mabauti a ekizozi kutsogolo kwa catalyst kuti utsi upeze potulukira, muyende kamtunda kakafupi. Ikadzuka ndiye kuti yatsekeka. Ikakhala chimodzimodzi isiyeni. Ndikunena izi chifukwa m'kati mwake muli zitsulo zodula, platinum ndi zinzake, ndipo alipo amene amauza aliyense kuti yatsekeka kuti akaigulitse. Mukavomera kuchotsa, muziona ndi maso, ndipo ikhale m'manja mwanu.

Mayi a Upile, Mpondabwino:
Pepani kulowerera, ine za injini sindidziwa zambiri, koma utsi wa galimoto zochotsedwa zimenezo timaupuma ndife ogulitsa m'mbali mwa msewu. Madzulo mutu umachita kuwawa. Ngati chinthucho chili bwino chisiyeni chonde.

Bambo a Tadala, Matawale:
Ndamva mayi, sindichotsa popanda chifukwa. Nanga kachipangizo kongobaya kaja? Mnzanga akuti kamawonjezera mphamvu ndi kuchepetsa mafuta nthawi imodzi.

Wamagetsi a galimoto, Ndola:
Ndinatsegulapo kotere. M'kati munali timagetsi tophethira basi, palibe chimene kamalankhula ndi kompyuta ya galimoto. Chimodzimodzi maginito omanga pa paipi ya petulo, ndi kafani ka batire kamene amakatcha turbo ya magetsi. Kafani kotero sikangakankhe mpweya woposa umene injini ikukoka kale, kamangotsekereza njira. Sungani ndalama yanu mugulire fyuluta.

Mlimi wa ku Mayaka:
Nkhani ya fyuluta ya petulo musaipeputse. Nthawi imene mafuta ankasowa ambirife tinagulapo a m'zigubu, ndipo simudziwa chomwe chinalowamo, madzi, dothi, ena amasakaniza ndi parafini. Yanga inayamba kudukiza pa chitunda chokha, pa flat ili bwino. Tinatsegula pansi pa mpando wakumbuyo, kasefa ka pampu kanali katamatidwa ndi matope. Injini ikafuna petulo wambiri pampu inkalephera kupereka.

Mphunzitsi wa sayansi, Domasi:
Zoona, ndipo petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol si mdani wa injini, amathandizanso kuti isagogode. Koma amakoka chinyezi, ndiye thanki yakale imene imakhalira pafupi kuuma imachita dzimbiri, dzimbirilo n'kumathera mu sefa.

Che Mdala wa takisi, Songani:
China chimene palibe wachitchula ndi mabuleki ogwira. Mukayenda makilomita asanu osaponda buleki kwambiri, imani mugwire marimu onse anayi. Lina likatentha kuposa anzake, kumeneko kukugwira. Kapena ikwezeni pa jeki muzungulitse tayala ndi dzanja. Kumbuyo kuli madiramu, ndipo waya wa handibuleki akachita dzimbiri sabwerera. Mumayenda mutakoka handibuleki osadziwa. Mpweya wa m'matayala nawonso, onani pepala lomwe lili pa chitseko cha dalaivala. Ndipo oilo wa giyabokosi musolole kandodo kake muone. Akhale wofiira. Akada n'kumanunkha kupsa, mphamvu ina ikuthera momwemo.

A Gondwe, Sadzi:
Bwanji osangoboola masilinda n'kuika mapisitoni a oversize, ndi kupala hedi kuti kompuresheni ikwere? Si kusintha injini kumeneko.

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Bowo la 5A-FE ndi mamilimita 78.7, pisitoni imayenda 77. Mukaboola theka la milimita mwapeza ma cc osakwana 20 pa 1,498. Simungawamve. Kuboola ndi kwa injini imene makoma ake atha, pamenepo mphamvu imabwerera chifukwa kompuresheni yabwerera, osati chifukwa yakula. Kupala hedi mwadala kumakweza kompuresheni, inde, koma mukapitiriza injini imayamba kugogoda pa chitunda ngati muli timiyala m'kati, ndipo kugogoda kumeneko kumadya mapisitoni. Hedi yopalidwa siibwereranso. Ngati hedi ingatsegulidwe pa chifukwa china, chimene ndingachite ndi kugaya mavavu kuti azitseka bwino, kuchotsa kaboni, ndi kupima mipata ya mavavu. Injini iyi mipata yake imakonzedwa ndi timashimu, ndipo ambiri sanaipimitsepo chigulireni galimoto.

Admin:
Bambo a Tadala, malangizo achuluka. Mukapita ku garaja mudzatiuze zomwe mwapeza, athandizikenso ena. Otsatsa malonda a ma spare pa nkhani ino ndikuchotsa mauthenga anu, pitani ku tsiku la malonda.

Bambo a Tadala, Matawale:
Abale, ndabweranso patapita milungu iwiri monga ndinalonjeza. Ndinatenga tsiku lonse ndili pambali pa amakanika, ndikuona chilichonse.

Kompuresheni inatuluka 12, 11.5, 12, 12. Mtima unakhala pansi pomwepo. Themositati munalibemo, NaBanda munalondola, ndipo sindikudziwa kuti inachotsedwa liti. Tinaika yatsopano pamodzi ndi kapu ya radiyeta. Fyuluta ya petulo titaimasula n'kuigwedeza munatuluka madzi ofiira ngati a m'chithaphwi, ndinachita manyazi kuti zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaiyendetsa choncho. Kasefa ka pampu kanali kakuda koma kosatsekeka, tinakatsuka. Eya kilina ndinkangoipuntha ndi kuipopa, koma poyang'ana padzuwa kuwala sikunkadutsa, tinaika ina.

Chachikulu chinali taimingi. Lamba sanalumphe dzino, zizindikiro zinali pamalo pake. Koma titalumikiza TE1 ndi E1 n'kuwalitsa timing light, inali pa madigiri 3 m'malo mwa 10. Atangotembenuza distributor pang'ono kulira kwa injini kunasintha ndili chiimire. Nyali ya check engine sinatulutse nambala iliyonse. Waya mmodzi wa pulagi anali wong'ambika, tinasintha onse anayi ndi mapulagi omwe. Che Mdala, tayala lakumbuyo kumanzere linkagwiradi, pa jeki linkangozungulira theka n'kuima. Catalyst tinaiyesa monga a Mbewe ananenera, palibe chinasintha, ndiye ili pamalo pake. Oilo wa giyabokosi anali woderako, tinakhetsa wa m'pani n'kuthira wina.

Dzulo titaweruka ku tchalitchi ndinatenga mayi a kunyumba, Tadala, ndi aneba awiri kuti kulemera kufanane ndi tsiku lija. O/D ndinaitseka kuyambira pansi, pa makona ndinaika pa 2. Takwera mpaka pa damu osaima, singano ili pakati osasuntha, phazi silinafike pansi ngakhale kamodzi. Pa kona ija alamu anatsikira, mayi a kunyumba anandigwira paphewa. Potsika ndinaika pa 2, pena pa L, mabuleki sananunkhe.

Sindikunena kuti yasanduka galimoto ina. Sienta ina inatipitirira pa mtunda wowongoka ndipo sindikanaigwira. Koma ndi Corolla ija ndinagula.

Mnyamata wa Starlet, Chikanda:
Ine ndinapima ankolo a Mbewe. Chitunda chimodzi, kunyamuka pamalo amodzi, katatu ndi cone, katatu ndi chibokosi chakale. Kusiyana sikunafike sekondi imodzi, ndipo masana kutatentha chibokosi ndicho chinapambana. Ndachibwezeretsa. Ekizozi yokha ndaisiya, ndimaikonda kulira kwake. Loweruka ndibwera mudzandionere taimingi.

A Mbewe a garaja, Chinamwali:
Ubwere m'mawa injini tidzaitenthetse konkuno. Bambo a Tadala, 11.5 uja si wodetsa nkhawa, koma mudzapimenso pakatha chaka tione ngati akutsika. Mipata ya mavavu munapima?

Bambo a Tadala, Matawale:
Ayi, nthawi inatha ndipo ndalama inathera pa mawaya. Mwezi wamawa. Chimene chikundivutabe mutu ndi matayala. Ndikabwerera ku 13 ndipeza 8 pa 100 uja aphunzitsi anawerengera, koma mvula ikayamba njira ya kumudzi idzandikhulanso pansi, ndipo amayi anga ndimawatengera ku chipatala pa galimoto yomweyi.

Mphunzitsi wa sayansi, Domasi:
Pali pakati pake. 175/70 R14 ndi mamilimita 601. Poyerekeza ndi zomwe muli nazo pano galimoto itsika ndi sentimita imodzi yokha, koma mubweza pafupifupi theka la zomwe munataya. Saizi imeneyi siivutanso kupeza.

Che Mdala wa takisi, Songani:
Marimu a 14 a mabowo anayi ndili nawo anayi kunyumba, achitsulo, osapindika. Ngati a 15 anuwo ali bwino tikhoza kusinthana, mwana wanga akuwafuna. Ndimadutsa pa Matawale m'mawa uliwonse cha m'ma 6, ndidzawaika m'buti Lachitatu mudzawayese kaye.